Mawu a M'chifuwa ndi Mawu a M'mutu: Phunziro la Kayimbidwe

Cholinga

Kumvetsa njira ziwiri zimene mawu a munthu amatulukira poyimba, kuphunzira kuchoka pa njira ina kupita pa inzake mosadzipweteka, ndi kudziwa kuyambitsa nyimbo pamalo pamene aliyense m'gulu angathe kufika.

GAWO 1

Kawirikawiri tikasonkhana kuti tipemphere, kapena tikakhala pansi ndi ana m'kalasi lawo, sipakhala kiyibodi kapena gitala. Chida chimene tili nacho ndi mawu athu. Ngakhale m'Nyumba Zopembedzeramo za Chibahá'í, monga ya pa phiri la Kikaaya ku Kampala imene inatsegulidwa mu 1961, ya ku Matunda Soy ku Kenya ya mu 2021 ndi ya ku Kinshasa ya mu 2023, mumamveka mawu a anthu okha, popanda zida zoyimbira. Choncho nkoyenera kuti chida chimenechi tichidziwe bwino.

Tonse tinaonapo zimene zimachitika nyimbo ikayambika pamwamba kwambiri. Mzere woyamba anthu onse amayimba mokondwa. Ikafika pokwera, abambo ena amangokhala chete, ena amakuwa mitsempha ya m'khosi itatuluka. Mayi wina mawu amamuthyokera pakati, mwana wina nkuseka. Sabata yotsatira mayi uja amangogwedeza milomo, ndipo tikamufunsa amati iye alibe mawu oyimbira. Tikatero tataya liwu limodzi m'gulu, ndipo mwina tatsala pang'ono kutaya mwini liwuyo.

Munthu wotere mawu ali nawo. Chimene sanauzidwe ndi chakuti mawu a munthu aliyense ali ndi njira ziwiri, ndipo pamene anathyokera paja ndi pamalire a njira ziwirizo. Malire amenewa aliyense ali nawo, ngakhale oyimba amene timawamva pa wailesi.

Kambiranani:
1. Kodi m'misonkhano yathu alipo amene sayimba? Tinayamba tafunsapo chifukwa chake?
2. Kodi munthu amamva bwanji mawu akamuthyokera pagulu? Nanga gulu lingachite chiyani pa nthawi imeneyo?

GAWO 2

Tisanafotokoze za m'thupi, tiyambe tatchera khutu mumzinda wathu uno, pakuti njira ziwirizi timazimva tsiku ndi tsiku.

Tikafika ku depoti ya mabasi ku Old Town timamva makondakitala akuyitanira anthu a ku Area 25, a ku Likuni ndi a ku Kawale. Mawu awo ndi olemera, odzaza, ofanana ndi mawu olankhulira koma okwezedwa mphamvu. Amenewa ndiwo mawu a m'chifuwa. Ndi mawu omwewo amene timagwiritsa ntchito popatsana moni, pokambirana mtengo wa tomato mumsika ndi powerenga pemphero mofatsa.

Tsopano tikumbukire nthungululu ya amayi pa chinkhoswe kapena pa ukwati. Mawu ake ndi opepuka, akuthwa, ndipo amakwera mosavuta kufika pamene mawu olankhulira sangafike. Amenewa ndiwo mawu a m'mutu. Tione kuti mayi amene akuti sangathe kuyimba zokwera, pa ukwati wa mwana wake amalulutira mpaka kumveka kutsidya kwa msewu. Njira ya pamwamba ali nayo kale, kungoti sanayilowetse m'nyimbo.

Abambo nawonso ali nayo. Aliyense amene anaonerapo gule wamkulu m'midzi yozungulira Lilongwe, ku Mitundu kapena ku Nathenje, akudziwa kuti zilombo zina zimalankhula ndi kuyimba ndi timawu tating'ono tokwera kwambiri. Ku Zimbabwe, oyimba mbira a Chishona ali ndi kayimbidwe kotchedwa huro, kutanthauza pakhosi, komwe woyimba amalumpha mwadala kuchoka m'chifuwa kupita m'mutu nkubwereranso. Kuthyoka kumene ife timachita nako manyazi, iwo anakusandutsa luso. Ndipo mu 1939 ku Johannesburg, pamene Solomon Linda ndi gulu lake la Evening Birds ankajambula nyimbo ya Mbube, iye ankayimba ndi mawu opepuka a pamwamba, anzake akugunda besi pansi. Choncho bambo woyimba ndi mawu a m'mutu sakutengera za akazi kapena za azungu. Kuno kwathu kayimbidwe kameneka nkakale.

Yesani izi tsopano. Aliyense aike dzanja pachifuwa nkunena "aaa" ndi mawu olankhulira. Mumva chifuwa chikunjenjemera. Dzanja likadali pomwepo, tsanzirani kulira kwa njiwa, "kuu, kuu", ndi mawu aang'ono okwera. Kunjenjemera kuja kuchepa kapena kutheratu, ndipo ena amva ngati mawu akuzungulira kumphuno, pamphumi kapena pamwamba pa mutu.

Kambiranani:
1. Tchulani malo ena mu Lilongwe momwe mumamva mawu a m'chifuwa, ndi ena momwe mumamva mawu a m'mutu.
2. Kodi pa kuyesa kuja munamva kunjenjemera pati? Fananitsani mayankho anu. Sadzafanana onse, ndipo palibe cholakwika.

GAWO 3

Mayina awiriwa akhoza kutisocheretsa. Mawu a m'chifuwa sapangidwa m'chifuwa, ndipo mawu a m'mutu sapangidwa m'mutu. Onse amabadwira pamalo amodzi, m'kholingo. Mayinawa amangonena pamene woyimba amamva kunjenjemera.

M'kati mwa kholingo muli timinofu tiwiri togona moyang'anizana ngati milomo. Kwa abambo timatalika mamilimita 17 mpaka 25, kwa amayi mamilimita pafupifupi 12 mpaka 17. Tikamapuma timakhala totseguka. Tikafuna kulankhula kapena kuyimba timayandikana, ndipo mpweya wochokera m'mapapo umatitsegula ndi kutitseka mofulumira kwambiri. Kutseguka ndi kutsekeka kumeneku ndiko kumapanga liwu. Bambo akamalankhula, timinofuti timagundana pafupifupi ka 120 pa sekondi imodzi, pamene mayi pafupifupi ka 200. Kugundana kukafulumira, liwu limakwera.

Kwa zaka mazana ambiri aphunzitsi a nyimbo ankangodalira khutu, osaona zimene zikuchitika pakhosi. Mu 1854 mphunzitsi wa nyimbo wa ku Spain, Manuel García, anatenga kagalasi kakang'ono ka madokotala a mano nkukaika kumapeto kwa m'kamwa mwake. Anagwiritsa ntchito galasi lachiwiri ndi kuwala kwa dzuwa, ndipo anaona timinofu take tikugwira ntchito iye akuyimba. Chaka chotsatira, mu 1855, zimene anapeza zinaperekedwa ku bungwe la Royal Society ku London. Madokotala a za pakhosi anatengera njira imeneyi.

Lero tikudziwa kuti pali minofu ya mitundu iwiri imene imawongolera timinofuti. Wina, umene madokotala amautcha thyroarytenoid, uli m'kati mwa timinofuto ndipo umatifupikitsa ndi kutinenepetsa. Ukamalamulira umenewu, timinofu timagundana ndi thupi lake lonse, ndipo mawu amatuluka olemera. Awo ndiwo mawu a m'chifuwa. Wina, wotchedwa cricothyroid, uli kutsogolo kwa kholingo ndipo umapendeketsa chichereŵechereŵe cha kholingo, nkukoka timinofu kuti titalike ndi kuwonda. Ukamalamulira umenewu, zimagundana ndi nsonga za m'mphepete zokha, ndipo mawu amatuluka opepuka ndi okwera. Awo ndiwo mawu a m'mutu.

Tiyerekeze ndi gitala. Nsambo yonenepa imalira pansi, yowonda imalira pamwamba. Woyimba gitala akafuna liwu lokwera samanga nsambo yonenepa mpaka kufuna kuduka, amasamukira pa yowonda. Kusiyana kwake nkwakuti pakhosi pathu nsambo ndi imodzimodzi, ndipo iyo yomwe imatha kunenepa ndi kuwonda tikailola.

Pali liwu lina limene mungamve kwa aphunzitsi a kwaya, lakuti falsetto. Ena amaligwiritsa ntchito ponena mawu a m'mutu a abambo. Ena amasiyanitsa: amati falsetto ndi mawu a pamwamba otayikira mpweya chifukwa timinofu sitikutsekana bwino, pamene mawu a m'mutu ndi omwewo atalimba ndi kumveka bwino. M'phunziro lino tizingonena kuti mawu a m'mutu.

Malizani ziganizo izi:
1. Mawu a m'chifuwa ndi a m'mutu onse amapangidwa mu ________.
2. Timinofu tikafupika ndi kunenepa, mawu amakhala ________.
3. Timinofu tikatalika ndi kuwonda, mawu amakhala ________.

GAWO 4

Pakati pa njira ziwirizi pali malo owolokera. Aphunzitsi a ku Italy anawatcha passaggio, kutanthauza podutsira. Ife tiwatcha mlatho.

Pa kiyibodi, C ya pakati imalira ka 262 pa sekondi. Kwa anthu ambiri mlatho uli pamwamba pang'ono pa C imeneyi, cha pa E, F kapena G, ndiye kuti pakati pa 330 ndi 392. Chodabwitsa nchakuti malowa ali pafupifupi amodzi kwa abambo ndi amayi omwe. Kusiyana kuli apa: bambo amakumana ndi mlatho cha kumapeto kwa mawu ake okwera, pamene mayi amakumana nawo cha kumunsi kwa nyimbo zambiri. Ndiye chifukwa chake bambo amatha kuyimba nyimbo yonse m'chifuwa nkungovutika pa mzere umodzi wokwera, pamene mayi m'nyimbo yomweyo amawoloka mlatho kangapo.

Kuthyoka kwa mawu kumachitika tikafika pa mlatho ndi kukana kuwoloka. Timaumiriza mawu olemera kuti akwerebe, tikuwonjezera mpweya ndi kumanga khosi, mpaka mnofu woyamba uja umalephera nkutaya mwadzidzidzi. Zili ngati minibasi yochokera ku Old Town kupita ku City Centre, dalaivala nkuiyendetsa pa giya yoyamba ulendo wonse. Injini ilira, itentha, koma liwiro silioneka. Dalaivala wodziwa amasintha giya nthawi isanathe, ndipo okwera sazindikira nkomwe kuti wasintha.

Sitikunena kuti kukweza mawu a m'chifuwa nkosatheka. Mu 1837 ku Paris, woyimba tena dzina lake Gilbert Duprez anadzidzimutsa anthu poyimba C yokwera, ya 523 pa sekondi, ndi mawu odzaza ngati a m'chifuwa mu opera ya Rossini yotchedwa Guillaume Tell. Iye asanabwere, oyimba tena ankafika pamalo amenewo ndi mawu opepuka. Kuno kwathu amayi otsogolera nyimbo za chimtali ndi chisamba nawonso amakweza mawu a m'chifuwa kuti amveke pamwamba pa ng'oma. Koma kayimbidwe kotere kamafuna kuzolowera kwa zaka zambiri, ndipo nkoyenera bwalo lalikulu. Kwa ife amene tikuyimba pemphero m'chipinda chochezera, luso lofunika ndi lina: kupeputsa mawu pang'onopang'ono pamene nyimbo ikukwera, kuti minofu iwiri ija ipatsirane ntchito mwamtendere. Oyimba amawatcha mawu osakaniza, chifukwa pa mlathopo mumamveka kulemera pang'ono kwa m'chifuwa ndi kupepuka kwa m'mutu.

Lamulo lake ndi lalifupi: nyimbo ikamakwera, chepetsani mphamvu. Ambirife timachita zosemphana ndi zimenezi.

Kambiranani:
1. Sankhani nyimbo imodzi imene timaikonda. Ndi pa mzere uti pamene anthu ambiri amavutika?
2. Kodi tikafika pamenepo timawonjezera mphamvu kapena timachepetsa?

GAWO 5

Gawo lino ndi lochita, osati longowerenga. Imirirani nonse, mapewa ali omasuka, chibwano chisaloze kumwamba. Tigwirizane kaye kuti wina mawu akamuthyokera, palibe woseka. Kuthyokako kukutithandiza kudziwa pamene pali mlatho wake.

Choyamba: njenjemeretsani milomo, "brrr", ngati mwana amene akuyendetsa galimoto ya mawaya. Mukutero, kwezani liwu pang'onopang'ono nkulitsitsanso. Milomo ikatsekeka pang'ono chonchi, mpweya wina umabwerera m'mbuyo nkuthandiza timinofu kunjenjemera mosavutika. Amene milomo ikuwakanika akhoza kuyimbira m'kampopi komwera zakumwa, kapena kuyimba "vvv".

Chachiwiri: tsanzirani kulira kwa ambulansi pa liwu lakuti "uuu", kuchoka pansi penipeni mpaka pamwamba, kenako kubwerera. Chitani motsitsa. Zindikirani pamene liwu likudumpha. Bwerezani, ndipo mukamayandikira pamalopo chepetsani mphamvu.

Chachitatu: yambirani pamwamba. Lirani ngati njiwa ija, ndipo tsikani nalo liwu lopepukalo mpaka pansi pamene mungathe musanalowe m'chifuwa. Kutsika ndi mawu a m'mutu nkosavuta kusiyana ndi kukwera ndi mawu a m'chifuwa, ndipo kumalimbitsa njira imene ambirife sitiigwiritsa ntchito.

Chachinayi: tengani mzere wovuta uja wa m'Gawo 4. Uyimbeni kaye pa "uuu" popanda mawu a nyimbo, kenako pa "ooo", kenako ndi mawu ake. Muona kuti "u" ndi "o" amawoloka mlatho mosavuta kuposa "a" wotsegula kukamwa konse. Ngati liwu lokwera lagwera pa "a", lizungulitseni pang'ono kuti lipendekere kwa "o". Omvera amvabe tanthauzo.

Poyamba mawu a m'mutu amamveka ofooka, ndipo ena amati sakumveka ngati awo. Zimenezi zisatibweze m'mbuyo. Mnofu umene sunagwire ntchito kwa zaka zambiri sungalimbe tsiku limodzi. Mphindi khumi tsiku lililonse zimapindula kuposa maola awiri Loweruka lokha. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Koma pakhosi pakayamba kuwawa kapena kukanda, lekani, mupitirize mawa.

GAWO 6

Tsopano tibwerere ku gulu, pakuti zonsezi tikuphunzira kuti tiziyimba limodzi.

Udindo waukulu uli ndi amene amayambitsa nyimbo. Popanda kiyibodi, liwu loyamba limene iye watulutsa ndilo likhala kiyi ya anthu onse. Kawirikawiri woyambitsa amakhala munthu wa mawu abwino, ndipo amasankha pamene pamukomera iyeyo. Woyambitsa woganizira anzake amachita mosiyana. Asanatsegule pakamwa amayimba chamumtima mzere wokwera kwambiri wa nyimboyo, nkuuika pamene agogo, ana ndi abambo a besi angafike, kenako nkubwerera kukapeza poyambira. Kwa gulu losakanikirana, nyimbo zambiri zimayenda bwino zikakhala pakati pa C ya pakati ndi C kapena D yotsatira pamwamba pake, abambo akuyimba zomwezo chapansi. Ndipo tikaona kuti nyimbo yayambika pamwamba, palibe manyazi kuima nkuyambiranso. Nkwabwino kuyamba kawiri kusiyana ndi kumaliza anthu atatu okha.

Malo nawonso amatiuza mphamvu yoyenera. M'nyumba zambiri za ku Area 10, Area 12, Area 43 kapena Area 47, chipinda chochezera chimakhala ndi matailosi pansi ndi makoma osalala. Chipinda chotere chimabweza mawu, choncho liwu lopepuka limadzaza nyumba yonse. Kukuwa m'menemo kumangophimba anzathu. Zimasiyana tikakhala panja kapena pafupi ndi msewu wa phokoso ku Old Town. Mu 1911 dokotala wa ku France, Étienne Lombard, anafotokoza kuti munthu akakhala m'phokoso amakweza mawu osadziwa. Pamalo otere njira yabwino ndi kuyandikirana, kukhala mozungulira kuti tizimvana, ndi kutsitsa kiyi pang'ono.

Tiganizirenso za anyamata achisodzera. Pa zaka zapakati pa 12 ndi 15, kholingo la mnyamata limakula msanga, timinofu timatalika, ndipo mawu ake amatsika pafupifupi okitevu yathunthu. Pa nthawi imeneyi mlatho wake umasuntha mwezi ndi mwezi, ndipo mawu amamuthyokera ngakhale polankhula. Anyamata ambiri amasiyira pomwepa kuyimba, ena osayambiranso moyo wawo wonse. Tiwauze kuti zimenezi ndi za kanthawi ndipo zimachitikira mwamuna aliyense. Tiwalole kuyimba motsitsa pa manoti ochepa amene akuwatha, ndipo tisawaumirize kukhalabe pa sopulano kapena kuthamangira ku besi. Atsikana nawonso mawu awo amasintha, ngakhale pang'ono, ndipo kwa kanthawi amamveka otayikira mpweya.

Ana aang'ono ali ndi mawu a m'mutu okoma mwachibadwa. Tikamawauza kuti ayimbe mokweza, iwo amamva kuti akuwe. Ndi bwino kuwapempha kuti ayimbe mokoma ndi momvana ndi anzawo.

Kambiranani:
1. Ndani amayambitsa nyimbo m'misonkhano yathu? Tingamuthandize bwanji, nanga tingaphunzitse bwanji ena?
2. Fotokozani malo amene mumasonkhana. Kodi amabweza mawu kapena amawameza?
3. Mnyamata wa zaka 13 wasiya kuyimba m'gulu lanu. Mungamuuze chiyani, ndipo mungamuuze pati?

GAWO 7

Akuluakulu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Timinofu timene timagundana kambirimbiri pa sekondi timafuna chisamaliro.

Timagwira bwino ntchito tikakhala tonyowa. Kuno ku Lilongwe, kuyambira Ogasiti mpaka Novembala mpweya umakhala wouma ndi wafumbi, choncho timwe madzi tsiku lonse, osadikira nthawi yoyimba. Utsi wa mbaula, wa zinyalala zotenthedwa ndi wa fodya umatupitsa timinofu, ndipo tikatupa mawu a m'mutu ndiwo amayamba kusowa. Munthu amene dzulo ankafika pamwamba motsitsa koma lero akulephera, pakhosi pake pakupempha mpumulo.

Ena amakhulupirira kuti dzira laliwisi, uchi kapena mandimu zimatsuka mawu. Tidziwe kuti zonse zimene timameza zimadutsa njira ya chakudya, ndipo pomeza kholingo limatsekeka, choncho sizikhudza timinofu. Tiyi wotentha wa jinja amatonthoza pakhosi ndipo palibe choletsa kumwa, koma chimene chimachiza mawu otopa ndi kupuma. Kunong'ona si kupuma ayi, kumatopetsanso. Ngati mawu asasa, lankhulani pang'ono ndi mofatsa, kapena khalani chete.

Kukuwa kwa nthawi yaitali kumatha kuyambitsa timatuza tolimba pa timinofu, monga m'mene khasu limalimbitsira zikhatho. Aphunzitsi a sukulu, ogulitsa malonda ndi oyimba ndiwo amavutika kwambiri ndi zimenezi. Mawu akasasa kupitirira milungu itatu, makamaka kwa wosuta fodya kapena amene akutsokomola, kuwonda kapena kuvutika kumeza, apite kuchipatala. Ngati pafunika kuunika m'kholingo, a chipatala chaching'ono angamutumize ku Kamuzu Central Hospital.

Zochita tisanakumanenso:
1. Aliyense achite zoyeserera za m'Gawo 5 kwa mphindi khumi tsiku lililonse, ndipo adzatiuze ngati mlatho wake wayamba kusalala.
2. Awiriawiri, sankhani nyimbo imodzi ndi kupeza poyambira pamene nonse mukufika mzere wokwera osakuwa. Mudzaiyambitse pa msonkhano wa mapemphero ukubwerawu.
3. Ganizirani munthu mmodzi amene amati alibe mawu. Mukamuchezere, mukamuphunzitse kulira kwa njiwa ndi kwa ambulansi, ndipo pa msonkhano wotsatira mudzakhale pafupi naye.